Mabowo Awiri Amene Ndinasiya

Okondedwa Achimwene,

Landirani moni wanga wa manja awiri. Kaya muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Chifuwa chija chinkavutitsa wamng'onoyo chinatha? Ndikhulupirira kuti ntchito ikuyenda bwino ndipo kuzizira kwa kumeneko munakuzolowera.

Kuno tilipo, koma sindinganame kuti tili bwino. Amayi miyendo ikumawatupa madzulo. Abambo manja akupola pang'onopang'ono. Lamanzere analimasula mabandeji sabata yatha, lamanja likadali lokulunga. Supuni akugwira okha tsopano, koma mabatani a malaya ndimawamangira ndine.

Za moto uja munamva pafoni, ndipo Amayi anakuuzani zimene aliyense akudziwa. Ine ndinangoyankha kuti ee ndi ayi, mpaka munandiseka kuti Kachetechete sadzasintha. Pafoni mawu amandithawa. Ndiye ndasankha kulemba, chifukwa pepala silindiyang'ana kumaso. Kalata yoyamba ndinaing'amba, ino ndi yachiwiri. Chonde muiwerenge mpaka kumapeto musanaonetse alamu, chifukwa ikukhudza bambo awo.

Ndinu munandipezera ntchito kushopu ya apongozi anu, koma m'kati mwa shopuyo simunalowemo. Ndikufotokozereni pang'ono kuti mumvetse. Timapanga mabokosi oyezera kutentha. Bokosi lililonse lili ndi kagalasi koonetsa nambala, komanso belu. Kuchokera m'bokosimo mumatuluka waya wopita kumene kukutenthako, ndipo kunsonga kwake kuli kachitsulo kamene kamamva kutentha. Kukatentha mopitirira muyeso, belu limalira.

Ine ndinkakhala pabenchi la pawindo, kuwotcherera tizipangizo pabolodi lobiriwira la m'kati mwa bokosi. Ndikamaliza bolodi ndinkaliyang'ana katatu, kenako n'kudontheza kadontho ka utoto wofiira pakona yake. Palibe anandiuza kuti ndizitero. Ndinkangofuna kudziwa kuti ili ndalimaliza, ili ayi. Anzanga ankati ndimadzoza mabolodi ngati akupita ku ukwati.

Amene anandiphunzitsa ndi bambo wina wachikulire, woyesa mabokosi asanatuluke. Timawatcha a Magalasi, chifukwa amavala magalasi ena pamphuno, ena pachipumi, n'kumafunsabe kuti ndani wawatengera magalasi.

Pabolodipo, pafupi ndi polowera waya, pali mabowo awiri oikapo timalezisita. Ndi tinthu tating'ono ngati njere, tokhala ndi mizere itatu: wa bulauni, wakuda ndi wachikasu. Tsiku lina a Magalasi anaona kuti ndikutiyang'anitsitsa. Anati akudziwa kuti sindifunsa ngakhale nyumba itandigwera, ndiye andiuza okha.

Anati uthenga wochokera ku kachitsulo kaja ndi waung'ono kwambiri, ngati munthu wonong'ona pakati pa msika. Mawaya ake akapanda kumangidwa penapake amangoyandama, n'kumatola phokoso la chilichonse choyendera magetsi chimene chili pafupi, kaya ndi injini, kaya fani, ngakhale getsi la kudenga. Bokosi likamva phokosolo limayesa ndi kutentha. Ndiye timalezisita tiwiriti timamangirira mawayawo ku ethi, waya uja wopita pansi. Anati sitimanga mothina, kuopa kutsamwitsa wonong'onayo. Timamanga ngati mbuzi pachingwe chachitali, idye momasuka koma isasochere.

Mawu amenewa ndinawasunga, Achimwene. Sindinganene kuti sindinkadziwa.

Miyezi isanu yapitayo a Magalasi anapita kukachitidwa opaleshoni ya diso. Lachisanu lina timalezisita tija tinatha. Panali mabokosi khumi ndi awiri oyenera kutuluka masana omwewo, ndipo galimoto inali itaima kale pakhomo, dalaivala akuliza hutala.

Ndinauza apongozi anu kuti timalezisita tatha. Sanamve, ndinabwerezanso. Anatenga bolodi limodzi lopanda timalezisitato, n'kulilumikiza pamakina oyesera a pabenchi. Nambala inaima nji, osagwedezeka. Anaseka, nati a Magalasi ndi munthu wotseka chitseko ndi maloko atatu m'nyumba yopanda katundu. Anati tinthu timeneto n'tongokongoletsa, nditseke mabokosiwo galimoto izipita.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za mbuzi ija. Anandiyang'ana, nafunsa ngati wapulayimale akufuna kuphunzitsa mwini shopu. Anzanga anaseka. Ndinaweramitsa mutu n'kutseka mabokosi onse khumi ndi awiri. Chimene ndinachita n'chimodzi chokha: sindinaikepo kadontho kofiira, chifukwa mumtima mwanga anali osatha. Manambala a mabokosiwo ndinawalemba pakapepala n'kukabisa m'chitini changa cha zipangizo.

Ndinati ndidzauza a Magalasi akabwera. Anakhala milungu isanu. Atabwera, diso lili ndi thonje, ndinati ndidikire achire. Atachira ndinati mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Kumene mabokosi amapita ife a pabenchi sitiuzidwa. Koma tsiku lina Abambo anabwera kuchokera kuntchito akumwetulira, zimene sachita kawirikawiri. Anati pa uvuni wawo woumitsira matabwa aikapo bokosi latsopano, ndipo awerenga chizindikiro chake, ndi la kwathu. Anati auza anzawo onse kuti m'bokosimo mwadutsa manja a mwana wawo.

Ndikanangowapempha kuti akandiwerengere nambala ya bokosilo, ndikanadziwa tsiku lomwelo. Sindinatero, ndinkaopa yankho. Patapita sabata ndinangowafunsa ngati likugwira bwino. Anati likuyenda ngati wotchi. Ndinawakhulupirira chifukwa ndinkafuna kuwakhulupirira.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Lachitatu masana matabwa anayaka m'kati mwa uvuni. Mnzawo wa Abambo uja, a Mluzu, amene ankatiimbira malikhweru tili ana, anatsegula chitseko ndipo moto unawalandira. Abambo anawakoka ndi manja awo. A Mluzu anakhala masiku atatu m'chipatala, tsiku lotsatira anatisiya.

Chimene mwina Amayi sanakuuzeni n'chakuti eni fakitale anapeza nsanza itakanikizidwa m'kati mwa belu la bokosilo, kuti lisamalire. Abambo anavomera kuti anaikamo ndi iwo. Anati belu linkawasokosa, koma bokosi linalibe vuto lililonse. Anawachotsa ntchito tsiku lomwelo, zaka makumi awiri ndi zinayi atagwira pamalopo. M'njira yathu ino anthu anayamba kunena kuti apha mnzawo chifukwa cha ulesi. Mayi wa pagolosale anasiya kuwayankha moni. Abambo anasiya kutuluka panja. Ankangokhala pampando wa kuseri kwa chitseko, manja ali pamaondo ngati katundu wa munthu wina.

Patatha milungu iwiri ndinaperekeza Amayi kukaona akazi a a Mluzu. Ndinkathandiza namfedwayo kuanika zovala kuseri kwa nyumba. Mayiwo sankandiimba mlandu, ankangofuna wina woti azikamba naye za amuna awo. Anati malemuwo ankabwera kunyumba akuseka, n'kumati bokosi la mwana wa mnzawo limayamba kumwa mowa m'mamawa. Akuti akangoyatsa mafani a uvuni nambala inkayamba kuvina, pano sikisite, pano thu handiredi, pano fifitini, ndipo belu linkalira kakhumi pa tsiku popanda chifukwa.

Anati a Mluzu ankafuna kukanena kwa kapitawo, koma Abambo anawachonderera. Anawauza kuti bokosilo analipanga ndi mwana wawo, ndi ntchito yake yoyamba, ndipo likabwezedwa angamuchotse. Analonjeza kuti alankhula nane mwakachetechete. Podikira zimenezo, awiriwo anagwirizana zotseka belu pakamwa n'kumayeza kutentha mwachikale, kuika chikhatho pachitseko ndi kununkhiza. Tsiku la motolo nambala inakweradi, koma anati laledzeranso.

Achimwene, ndinali nditagwira malaya a malemuwo, onyowa. Sindikumbukira kuti ndinawaanika kapena ayi.

Abambo sanandiuze chilichonse za vuto la bokosilo miyezi yonseyo. Ankaopa kundichititsa manyazi, monga ine ndinkaopa kuwafunsa. Tinakhala m'nyumba imodzi, tikudyera patebulo limodzi, aliyense akubisira mnzake chinthu chomwecho.

M'mawa mwake ndikuwamanga mabatani ndinawauza zimene ndinamva. Anafunsa kuti wandiuza ndani, kenako anati ndizisiye. Anati iwo akalamba, ntchito yawo inali itatsala pang'ono kale, koma ine ndikuyamba kumene. Anati ndiganizirenso za inu, kuti muli pabanja ndi mwana wa mwini shopu, ndisaponye njoka m'nyumba mwanu. Anati nsanza anaikamo ndi zala zawo, ndipo zala zomwezo zalandira kale malipiro ake.

Ndinawauza kuti nsanza ndi yawo, koma mabowo opanda kanthu ndi anga. Anandikalipira kuti ndikhale chete. Moyo wanga wonse anthu akhala akundiuza kuti ndizilankhula. Aka kanali koyamba kuuzidwa kuti ndikhale chete, ndipo n'koyambanso kuti ndikane.

Ndinapita kwa a Magalasi nthawi ya nkhomaliro, shopu ili phee. Ndinawapatsa kapepala kaja n'kuwauza zonse. Anavula magalasi onse awiri n'kuwaika pabenchi. Ndinawafunsa chifukwa chake nambala inaima bwinobwino Lachisanu lija. Anati makina oyesera a pabenchi ndi omangidwa kale ku ethi, ndiye bolodi linkabwereka chingwe cha eni ake. Ukalitengera kwina, pa waya wautali wodutsa pafupi ndi mafani, mbuzi imathawa. Anafunsa kuti mabokosiwo ndi angati. Nditanena, anakhala pansi. Anati ndiye kuti khumi ndi limodzi akunamizabe anthu kwinakwake.

Sananditukwane. Anangoti mwana iwe, ukanandinong'oneza, makutu anga sanachitidwe opaleshoni. Mawu amenewa anandipweteka kuposa mbama.

Tinapita tonse mu ofesi ya apongozi anu. Anati sakukumbukira Lachisanu limenelo, ndipo bokosi lopsa silingachitire umboni munthu. Anati ndaiwala amene ananditola ndilibe setifiketi iliyonse. Anatinso ndikatsegula pakamwa, tidzaona ngati mchimwene wanga adzapondenso pakhomo pawo. Ndalemba monga ananenera, sindinawonjezere.

Lolemba lapitali kunali kumva nkhaniyi ku fakitale ya matabwa. Kunabwera mayi wina wa injiniya, wofufuza za ngozi za m'mafakitale. Tinakhala mu ofesi yaing'ono yonunkhabe utsi. Panali iye, eni fakitale awiri, kapitawo, Abambo, ndi akazi a a Mluzu pakona. Ine ndi a Magalasi sitinaitanidwe, tinangolowa n'kuima kukhoma. Bokosi lija linali patebulo, litada mbali imodzi.

Abambo anabwereza zomwe zija, kuti bokosi linali labwino, wolakwa ndi iwo. Mayi wa injiniya anayamba kulemba.

Ndinasuntha kuchoka kukhoma. Onse ananditembenukira, ndipo mawu anandithawa monga mwa masiku onse. Kapitawo anafunsa kuti mtsikanayu akufuna chiyani, wasochera kapena. Ndiye ndinatulutsa sikuludiraiva m'thumba, n'kuloza bokosilo. Mayi wa injiniya uja anandiyang'ana kanthawi, kenako analikankhira kwa ine.

Ndinalitsegula. Bolodi linali ndi mwaye koma silinapse. Ndinapukuta pakona ndi chala, panalibe kadontho kofiira. Ndinaloza malo awiri aja, opanda kanthu monga ndinawasiyira. Apo m'pamene mawu anabwera, ochepa. Ndinati ndinalipanga ndine, ndinasiya timalezisita tiwiri, ndinauzidwa kutero koma ndinkadziwa kuti n'kulakwa.

Mmodzi wa eni fakitale anati tinthu tating'ono chonchi sitingawotche uvuni, mwanayu akungofuna kupulumutsa bambo ake. A Magalasi anati tiyeni panja tikaone.

Anali atabweretsa bokosi lina lopanda timalezisita ndi waya wautali. Tinapita ku uvuni wachiwiri, umene sunapse. Anayala wayayo motsatira khoma, pafupi ndi mafani, n'kuviika kachitsulo kaja m'kapu ya madzi a pampopi. Nambala inali twente folo. Kapitawo atayatsa mafani, inalumpha, nainte, seveni, thu handiredi. Belu linalira mpaka anthu a kumacheka anasiya ntchito n'kubwera akuthamanga. Kachitsulo kali m'madzi ozizira.

Anazimitsa. Ndinagwada pansi pomwepo, a Magalasi atandigwirira bolodi, n'kuwotcherera timalezisita tiwiri. Sizinatenge ngakhale mphindi zitatu. Anayatsanso mafani. Nambala inaima pa twente folo, osaphethira.

Kenako akazi a a Mluzu anafunsa, osakweza mawu, ngati zinali zokhazi basi. Anafunsa ngati amuna awo anafera mphindi zitatu zimenezi.



Mayi wa injiniya analemba kuti Abambo analakwa kutseka belu osanena, koma osati chifukwa cha ulesi, ndipo bokosi linali lolakwika kuchokera kumene linapangidwa. Ntchito sanawabwezere, ndipo ndi manja amenewa sakanaigwiranso. Koma mawu aja akuti anapha mnzawo chifukwa cha ulesi afafanizidwa. Analamulanso kuti mabokosi enawo afunidwe.

Lachiwiri ndinapeza chitini changa chili panja pa shopu. A Magalasi nawo anatenga chipewa chawo n'kutuluka okha, sanadikire kuuzidwa. Akazi a a Mluzu ndikakumana nawo panjira amayang'ana kumbali, ndipo sindikuwadandaula. Amayi akuti ndachita bwino, koma amanena akulira.

Abambo sanandilankhule masiku atatu. Ankayesa kumanga mabatani okha ndi dzanja limodzi, n'kukhala malaya ali opotoka tsiku lonse. Dzulo m'mawa anaima pakhomo pa chipinda changa n'kukweza chibwano kuti ndiwamange batani la pakhosi. Ndikumanga anati ndawawonongera bodza lokhalo limene ananenapo moyo wawo wonse. Kenako anati anagona tulo koyamba chichitikire moto uja. Madzulo anatulutsa mpando wawo panja.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera kalatayi.

Sindikukupemphani kuti mukhale mbali yanga. Ndikudziwa kuti ndaika mwala m'nyumba mwanu, ndipo alamu akamva adzawawidwa mtima, poti bambo ndi bambo. Ineyo ndikudziwa bwino zimene mwana angachite chifukwa cha bambo ake, ndi zimene bambo angachite chifukwa cha mwana. Muwauze nokha, modekha, asanamve kwa ena. Muwauzenso kuti sindikutaya mlandu wonse kwa bambo awo. Iwo analamula, koma amene anatseka mabokosi ndine.

Pempho langa ndi ili. Pa mabokosi khumi ndi limodzi aja, asanu ndi anayi apezeka. Ine ndi a Magalasi tayenda sabata yonse ino, ku bekale, ku malo oswetsera anapiye, ku fakitale ya sopo, ndipo onsewo tawakonza. Ku bekale tinapeza belu atalimata ndi selotepi. Si Abambo okha, Achimwene. Munthu aliyense akanamizidwa kakhumi pa tsiku amatseka makutu.

Awiri sakupezeka. Manambala ake ndi 417 ndi 422. Apongozi anu akuti anawapatsa munthu wina wogulitsa ndipo dzina lake aliiwala. Ine sandilola kufika pageti, ndipo a Magalasi akawaimbira foni sayankha. Mayi wa injiniya wawalembera kalata, koma akuti zimenezo zimatenga nthawi. Inu amakumverani. Amati ndinu mkamwini wanzeru. Chonde aimbireni, kapena alamu awaimbire. Musakangane nawo, musatchule za ine ngati dzina langa likuwawawa. Ingowafunsani kuti mabokosi awiriwo anapita kwa ndani. Akapanda kufuna kundiuza ine, auze inu, inu mundiuze.

Penapake pali munthu amene wazolowera kuti belu lake limanama. Sindikumudziwa, koma ndimamuona ataika chikhatho pachitseko.

Muwalemberenso Abambo, ngakhale mizere iwiri. Sanena, koma foni ikalira amadzuka pampando.

Mundiperekere moni kwa alamu, ngati angaulandire. Ana muwapsompsone, muwauze kuti azakhali awo sanawaiwale. Amayi akuti muzivala juzi ija anakutumizirani. Mulungu akusungeni nonse, akutetezeni pantchito ndi panjira, ndipo asalole kuti nkhani iyi ilekanitse nyumba yanu.

Ndikudikira yankho lanu. Timalezisita tinayi ndatisunga m'kabokosi ka machesi, ndipo ndikuyenda nato m'thumba kulikonse. Mukangondiuza malo, ndinyamuka tsiku lomwelo.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
Kachetechete